Amayi Ali M'kabokosi

Lolemba, 4 Ogasiti

Laputopu yayambanso matenda ake. Kuiyatsa, kupita kukakazinga mtedza, kubwerako ikadaganizabe. Ntchito zimene ndimataipira makasitomala zili m'menemo, koma zimenezo si kanthu. Chachikulu ndi vidiyo ya chinkhoswe cha Deliwe, mng'ono wanga. Muli amayi. Atalanda maiki, akuimba, akuseka akuchimuna kuti tambala amene abwera naye ndi wowonda ngati wadwala malungo. Chaka chomwecho tinawaika m'manda. Mawu awo kulibenso kwina.

Ndiye ndagula hadi dilaivu kwa a Shakir, pa shopu yawo ya makompyuta. Kabokosi kakuda, kolowa m'thumba, ndi kachingwe kake. Mtengo sindilemba, amuna anga a Timoti amadziwa kuwerenga.

A Shakir: "Mukopere, musasamutse. Chinthu chizikhala malo awiri." Ndakopera. Amayi tsopano ali malo awiri. Kabokosika ndakatcha Nkhokwe.

Lachinayi, 7 Ogasiti

A Timoti m'mawa wonse kulimbana ndi Nkhokwe, akufuna kutchajira foni. Ati pawa banki yanga ndi yabodza, andibera, ndikabweze. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa. Ndawafotokozera bwinobwino, koma iwo angotolapo chimodzi, choti mumalowa mafilimu ambirimbiri. Pofika masana mdadada wonse wa nyumba zathu unali utamva.

Ndalakwitsa. Kuno chinthu chatsopano sichikhala cha munthu mmodzi. Simbi yanga yositira ndinaiona komaliza pa Isitala. Wilibala inapita kukathandiza pa maliro, inakhazikika komweko.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Nkhokwe mulibe m'dilowa. Kufunsa a Timoti, ati, "Alamu anabwereka dzulo, abweza." Alamu awowo ndi Sankhani, mlongo wanga wamng'ono, wothamangitsa mapepala a madalaivala kumalire. Munthu woti angakubwereke nsapato uli chivalire.

Wabweza madzulo. Kabokosi kakununkha dizilo ndi tchipisi. Ndalumikiza msangamsanga: amayi alimo. Mwawonjezekanso mafilimu a karate ndi nyimbo za Chipwitikizi. Akuti anadutsa nako mpaka ku Zobue, tsidya lina la malire. Ine mwiniwake chaka chino sindinapondeko, kabokosi kakafika popanda ndi pasipoti yomwe.

Ndamukalipira mpaka mawu kusasa. Iye akungosenda nachesi. Ati, "Asisi, inu mumakonda kubisa zinthu ngati agologolo." Makoko wandisiyira patebulo.

Loweruka, 16 Ogasiti

Laputopu yafa, osatsanzika n'komwe. A Shakir aitsegula, apukusa mutu, aitsekanso. Ndiye kuti amayi abwerera malo amodzi. A Shakir anandiuza kuti ndibweretse Nkhokwe tikopere mu kompyuta yawo. Ndinati mawa.

Amalume aimba foni kuchokera kumudzi, kwa Kanduku. Chiliza cha amayi tivundukula pa 6 Seputembala. Akufuna vidiyo ija ikaonetsedwe, poti ambiri kumudzi sanaione. Pulojekita ya kutchalitchi abwereka kale, jenereta yomwe. Ndalonjeza ndi pakamwa ponse.

Nkhokwe ndaiveka sokosi ya a Timoti, ndaibisa pamwamba pa kabati, kuseri kwa mbale za alendo. Kumeneko mwamuna safikako. Abwera atatu kudzabwereka lero, onse ndawauza kuti inapita ku Blantyre. Mulungu andikhululukire, mmodzi anali mayi busa.

Lachitatu, 20 Ogasiti

Si Sankhani. Si a Timoti. Ndine.

Ndinakwera pampando kuti ndingoona ngati ilipo. Kungoona basi. Ndanyamula sokosi, osadziwa kuti ndi yobooka kuchala. Kabokosi kanatulukira pomwepo, pasimenti, khu!

A Shakir akalumikiza, ayika khutu ngati adokotala. Mkati mukungomveka tiki, tiki, tiki. Ati mwina anzawo a ku Blantyre, koma osalonjeza. Kenako: "Nanga malo achiwiri aja?" Mawa lija ndinawalonjeza linali lisanafikebe.

A Timoti ati sokosiyo anandiuza kalekale kuti ndisoke. Ataona nkhope yanga anasiya, n'kupita kukaphika tiyi okha. Shuga anachulutsa. Ndamwa.

Lachisanu, 22 Ogasiti

Deliwe vidiyo ija alibe, foni yake yakale inabedwa mu minibasi. Amene anajambula chinkhoswecho ali ku Joni, akuti za chaka chimenecho anafufuta kalekale.

Ndayesa kukumbukira mmene amayi ankasekera. Nkhope ikubwera. Mpango wawo wachikasu, dengu la manachesi pamutu, zonse zikubwera. Mawu ayi. Ndikuopa.

Amalume sindinawauze.

Lachisanu, 29 Ogasiti

Kabokosi kabwerako ku Blantyre monga kanapitira. Palibe.

Lachiwiri, 2 Seputembala

Za lero ndiye ndilembe.

Ndinapita kumalire kukapeza Sankhani, kuti andiperekeze kwa amalume ndikaulule. Ndekha sindikanatha. Dzuwa, fumbi, malole ndandanda kudikira mapepala. Ndikudutsa pa lole ina ya ku Tete, ndingomva amayi akunyoza tambala! Mawu awo enieni, ndi kuseka kwawo kuja kothera m'kutsokomola. Ndinakhala pansi pafumbi pomwepo, ndi siketi yanga yoyera.

Dalaivala, bambo wandevu zaimvi, foni ili pachiwongolero, akuonera vidiyo ija. Ati, "Simukuwadziwa awa? Ndi mayi a manachesi. Zaka zonse ankatigulitsa pano, akutinyoza chonchi." Ndinati ndi mayi anga. Anavula chipewa.

Nkhani yake ndi iyi. Tsiku lija Sankhani anabwereka Nkhokwe, anakaisiya kwa a Melvin, oika nyimbo ndi mafilimu m'mafoni, pa kabenchi pafupi ndi osintha ndalama. A Melvin sasankha. Kabokosi kakangofika, iwo amakopera zonse zili m'menemo, kuona pambuyo. Atawazindikira amayi, anayamba kuwaikira madalaivala ngati banyira, monga mmene amayiwo ankaponyera nachesi imodzi pamwamba pa mulu. Pano amayi ali ku Tete, ali ku Beira, wina akuti anawaonera ku Harare. Munthu woti moyo wake wonse sanapitirirepo Zobue.

Ndinafuna kukalipa, ndipo ndinakalipadi pang'ono. Zolemba za makasitomala anga nazonso zinali mu kompyuta ya a Melvin! Ndinawaimirira pamutu mpaka anafufuta zonse ine ndikuona. Kenako tinakhala pabenchi kuonera amayi, osintha ndalama atatizungulira, ntchito ataisiya. Pa tambala paja onse anaseka asanafike n'komwe, amapadziwa kale. Ine kulira, kuseka, mamina, zonse pamodzi. A Melvin anabwereza osafunsa.

Sankhani chifuwa patsogolo, ngati anachita dala. Ati ndimupepese pamaso pa anthu. Ndamugulira tchipisi, zomupepesa aiwale.

Lachisanu, 5 Seputembala

Nkhokwe yatsopano, yabuluu. A Shakir angondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Amayi ali m'menemo, ali mu kompyuta ya a Shakir, mu foni ya Deliwe, kwa a Melvin, ndi m'malole amene sindingawawerenge.

Mawa kwa Kanduku. Amalume sadziwa chimene chinachitika, ndipo sadzadziwa. Dalaivala wandevu uja akuti abwera ndi anzake. Ndawauza kuti lole singakwere phiri lakwathu, ati ayenda wapansi.

Sokosi ndasoka. Simbi sinabwerebe, a Timoti apita ndi malaya amakwinya.

Sankhani ali pakhomo pano ndikulemba. Akuti dalaivala wina wa ku Beira foni yake inagwera m'madzi, amayi anapita nayo, ndiye akuwafunanso. A Melvin atseka, apita ku ukwati. Sankhani waima akukanda mutu, kudikira kukalipiridwa.

Ndamupatsa Nkhokwe, ndi kachingwe komwe. Ndangomuuza kuti mawa m'mawa amayi akhale atabwerako, ali ndi ulendo wa kumudzi.