Dzanja pamutu pa Amina

Achimwene,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Katuli tonse tikudzuka, kungoti amayi mwendo uja ukuwavutabe.

Sabata yatha ndinapita ku Mangochi kukaoda zitenje. M'tauni muja anthu akudyera ntchito zodabwitsa. Kuseri kwa msika kuli wojambula wina amene amalumikiza mabanja. Mayi amabwera ndi chithunzi cha mwamuna wake cha pafoni, iye n'kumujambula mayiyo, kenako pa kompyuta amawaimika pamodzi ngati sanasiyanepo. Pakhoma pake padzaza mabanja otere, ena ataima kutsogolo kwa nyumba zosanja, ena m'munda wa maluwa omwe kuno samera. Ndinaima pamenepo ngati ndikulota, mpaka kuiwala zitenje, poti nkhope zonse zinali zosekerera ndipo panalibe amene akudikira mnzake.

Kenako ndinakuonani inuyo, achimwene, mutavala jekete lanu lakuda lija. Pambali panu pali alamu, atanyamula Amina, mwana wanu amene simunamugwirepo chibadwire. Nditamufunsa wojambulayo, anati, "Mayi amenewa anachita kundichonderera kuti dzanja la bambo ndiliike pamutu pa mwana. Linandivuta, koma linakhala."

Alamu sindinawauze kuti ndaona, ndipo inunso musawafunse. Chonde bwerani pa Idi ikubwerayi, ngakhale chimanjamanja. Za katundu tisiyireni ife ogulitsa. Dzanja lija mudzaliike nokha.

Allah akusungeni ndi kukutsegulirani njira.

Ine mlongo wanu,
Patuma