Mabawuti a Dona Anapita ndi Mukoma

Agogo,

Uthenga unandipeza ndili pa bolodi, choko m'manja, ndikuphunzitsa ana mitsinje ya mu Africa. Ndinali nditafika pa Zambezi. Mayi Lestina, oyandikana nafe kukomboni, anaima pakhomo osagogoda, nati, "Ticha, siyani mitsinjeyo. Mukoma wanu Joze agwa ku wekishopu." Pamene ndinkafika n'kuti atawafunditsa kale. Anesi akuti ndi mtima. Mwezi sunathe, ndipo Zambezi uja akadali pakona ya bolodi, sindinamufufute.

Koma sindikulembereni za misozi. Ndikulemba za mabawuti.

Mukoma anali makanika papulazi pano. Anali ndi mudhudhudhu, monga timatchulira njinga yamoto kuno, wakale wa ku Mangalande, wa 1974, umene anagula kwa mzungu wina wosamukira ku Joni dziko lino litangolandira ufulu. Anautcha Dona. Akazi awo, alamu anga maiguru Adélia, ankautcha "mkazi mnzanga", chifukwa Dona ankasambitsidwa Lamlungu lililonse Misa isanayambe, pomwe iwo sopo ankachita kupempha.

Sabata imene anamwalira, mukoma anali atachotsa gudumu lakutsogolo kuti atsuke mbale ya buleki, chitsulo chozungulira chija chimene mabuleki amaluma. Mabawuti ake anawasunga m'chitini cha tiyi. Kuno bokosi la maliro sitigula, amakhoma a Jasten, kalipentala wa papulazi. Mukoma anali munthu wathupi, ndipo a Jasten anati misomali singagwire zogwirira za bokosilo, pakufunika mabawuti. "Tingam'gwetse pamaso pa ansembe, atitukwane ali momwemo." Wekishopu inali yokiya, ndipo palibe anakumbuka kuti makiyi ali m'ovololo ya malemu mpaka maliro atatha. Maiguru analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitini chija. "Tengani a mkazi mnzangawa. Nayenso asonkheko pamaliro, wadya zambiri pakhomo pano."

Zogwirira zinagwira, Agogo. Anthu anachita kuyamikira. Tinazindikira zimene tachita pa tsiku logawa katundu, pamene amalume athu a Jacinto anandipatsa Dona, gudumu lili apa, mbale ili apo.

Anandipatsanso ntchito. Amayi athu anakhala nafe kuno nthawi yonse ya nkhondo ya kwawo, ndipo chaka chatha, mtendere utabwera, anabwerera kwawo ku Tete. Za imfayi sanamve. Kwathu imfa ya mwana siitumizidwa pa kalata. M'bale amapita yekha ndi chipewa cha malemu, kukakhala pansi n'kunena. Kumudziko basi siifika. Mukoma anawalonjeza kuti tidzabwera tonse awiri pa Dona mvula isanagwe, ndiye ndikufuna lonjezolo lifike ngakhale mwini wake sangafike. Njira yake ndi ya mtsetse wa mapiri a Mavuradonha kutsikira ku Muzarabani, ndipo mitambo yayamba kale kusonkhana.

Ndayesa mabawuti a m'sitolo ya ku Centenary, akungolowa pang'ono n'kuima. A Jasten, pomva chisoni, andibweretsera a pa geti ya khola la ng'ombe. Amalume akuti waya wa mpanda amamanga chilichonse, koma akamwa akuti mukoma anatenga mabawutiwo dala, safuna Dona ayende ndi wina. Maiguru akundiuza kuti, "Babamunini, buleki yakumbuyo ilipo, mukufuna ziwiri ngati ndinu sitima?" Ndawerenga mabuku ambiri onena za imfa, a anthu anzeru ndithu, koma palibe limene linakamba izi. Ndichite bwanji?

F. M., Centenary

Mwana wanga F. M.,

Nematambudziko. Pepani kwambiri. Patsamba lino ndazolowera apongozi olanda nkhuku ndi amuna osochera tsiku la malipiro, koma bokosi loyenda ndi zida za njinga yamoto ndayamba kulimva lero. Ndaseka, kenako ndapukuta maso. Ndikhulupirira mukoma wako akanachita chimodzimodzi, atatha kutukwana.

Tiyambe ndi amalume. Joze sanatenge mabawuti. Anatenga ndi maiguru ako, masana, anthu akuona, ndipo anachita bwino. Munthu wosamala njinga chotero sangakondwe kuiona ikudya dzimbiri pansi pa mtengo. Amalumewo uwalemekeze, koma waya wawo akamangire mpanda.

Mabawuti a pa geti uwabweze, ng'ombe zisanazindikire. Bawuti ya geti ndi chitsulo chofewa, ntchito yake n'kuletsa mwana wa ng'ombe kutuluka. Ya pa mbale ya buleki imanyamula iwe, njinga ndi mtsetse wonse pamodzi, ikutentha. Ikaduka siichenjeza. Ndipo uwauze maiguru kuti pa njinga yamoto buleki yakutsogolo ndiyo imagwira ntchito yaikulu. Yakumbuyo ili ngati mkulu wa kwaya, imathandiza koma Misa siyake.

Mabawuti a m'sitolo akukana kulowa chifukwa mazinga ake ndi osiyana. Ndafunsa mphwanga wina amene wakalambira m'magalaji: njinga zambiri za ku Mangalande za zaka zimenezo zinkayezedwa ndi mainchi, pomwe katundu wambiri wa lero ndi wa mamilimita. Usakakamize ndi sipanala, uphwanya mazinga n'kuyamba kulira maliro achiwiri.

Chita izi. Yamba watsegula wekishopu, poti makiyi anapezeka, usanthule mabokosi a mukoma. Makanika wokonda chinthu sakhala ndi bawuti imodzi. Ukalephera, nyamula gudumu ndi mbale yake ukwere nazo basi ya ku Harare. Kondakitala adzadandaula, muleke adandaule. Usapite ndi kapepala kapena kamtengo kothyola poyezera. Pita kwa ogulitsa mabawuti okhaokha kapena okonza njinga zakale, osati pa tebulo la mumsika wa Mbare pomwe bawuti iliyonse ndi "yomweyo, mudhara". Unene chaka cha njinga, unene kuti ndi a buleki, upemphe atsopano a chitsulo cholimba. Ayesedwe pa gudumu uli pomwepo, alowe ndi zala mpaka kumapeto. Ugule onse ofanana pamodzi ndi zoletsa kumasuka, ndipo amangidwe ndi makanika, modumphadumpha, iyi kenako yoyang'anizana nayo, osati iwe ndi a Jasten. Ukatero uzungulire nayo papulazi, ukuima ndi kuyamba, mpaka agalu atope nawe.

Koma mvetsa ichi. Amene akudikira si Dona, ndi amayi ako. Lamlungu likudzali likadutsa mabawuti osapezeka, tenga chipewa, kwera basi mpaka pomwe ithere, kwinako uyende pansi. Uthenga wotere ukachedwa umafika ndi ogula mbuzi, ndipo zimenezo sadzakukhululukira. Podutsa malire udzere pa chipata cha Mukumbura, usadule njira m'tchire. Nkhondo inatha koma mabomba amene inakwirira sanamve.

Chenjezo langa lomaliza si la mabuleki. Amayi ako anakhala zaka pakhomo panu, kulira kwa Dona amakudziwa ngati chifuwa cha mwana wawo. Akakumva patali adzatuluka akululutira, akuitana Joze. Usawachite zimenezo. Uzimitse injini mudzi usanaoneke, utsike, uikankhe, chipewa chili m'manja. Akakuona chotero adzayamba kumva usanatsegule pakamwa.

Mabawuti akale ali pansi ndi mwini wake, akugwira ntchito yawo. Kunja kuno kwatsala njinga yopanda gudumu, chipewa, iwe, ndi mayi amene akusesabe pabwalo kuyembekezera ana awiri.

Agogo