Nyimbo Yomaliza ya pa Kaseti Ija

Okondedwa achimwene a Laisoni,

Landirani moni wochokera kuno kupulazi ku Selous. Ife tili bwino, kupatula mwendo wa amayi womwe ukutupabe. Kaya inu ndi alamu ku Joniko?

Nkhani ndi ya alamu anu, a Fakisoni. Mwini bawa wina ku Chegutu wawapempha kuti Loweruka likubwerali akayimbe kaseti ya bandi yanu ija yonse, kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza, monga mudaijambulira. Akuti oyimba a ku Harare akutero masiku ano. Paja yomalizayo ndi ija mudaitenga kudambwe, imene sinayimbidwenso chimwalirire a Yohane omwe ankaitsogolera.

Lachitatu masana a Fakisoni ndi anzawo akukonzekera nyimbozo mushedi ya fodya, kunabwera akuluakulu atatu a gule. Ndinawapatsa mipando, anakana. Wamkulu wawo anayang'ana a Fakisoni, anangoti, "Mwana wanga, nyimbo imeneyo ndi yoperekezera maliro. Ukaiyimba pamowa, udziwiretu amene ukumuperekeza."

A Fakisoni anaseka, amvekere, "Anthu akufuna kaseti yathunthu, osati yodula mchira."

Koma chichokereni tsikulo sakudya bwino, ndipo amayi anzanga a pakomboni asiya kundiyankha moni pamjigo. Dzulo woyimba ng'oma m'bandimo wabwera kudzatsanzika, akuti iye ali ndi ana.

Chonde achimwene, ayimbireni foni Loweruka lisanafike. Ine sakundimvera, koma inu angakumvereni, poti gitala adaphunzira m'manja mwanu. Auzeni ayimbe zina zonsezo, koma imeneyo aisiye. Mutipempherere, nafenso tikukupemphererani. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Esinati