Injini Ili Pansi pa Mpando

Lolemba, 6 Meyi

Vani yaphulikanso. Ndikaponda moto ili bwinobwino, koma ndikangochotsa phazi potsetsereka, pho, pho kumbuyo ngati mfuti. Lero pa mlatho yachita kuzimiratu. Mwana wanga ndi woyembekezera, anesi akuti masiku akwana. Mwamuna wake ali kutali ku ntchito. Chipatala chili kumunsi kwa phiri, ndipo galimoto ndi yomweyi.

Lachiwiri, 7 Meyi

Ndalowa kunsi kwa vani. Ndatseka paipi ya utsi ndi sanza, injini ikulira, kuti ndimve ngati yabooka pena. Palibe. Ndathira petulo wina. Chimodzimodzi.

Lachinayi, 9 Meyi

Amakanika abwera.

“Mapulagi mwaona?” Ayi. “Timapaipi ta mpweya?” Ayi. “Ndiye mwaona chiyani, achimwene? Wodwala mukumupima atavala jekete?”

Akuti ikamaphulika pochotsa phazi, nthawi zambiri mpweya ukulowa mozemba, petulo sakupsa yense, akukapsera m'paipi. Tingotukula mpando tione.

Injini ya vaniyi ili pansi pa mpando wa pambali panga. Pamenepo pali juzi ya malemu mkazi wanga, ambulera yake, ndi kathumba ka mtedza wambewu. Zili momwe anazisiyira tsiku lomwe ndinapita naye kuchipatala. Amakanika atatambasula dzanja kuti atukule mpandowo, ndinati mawa. Anayang'ana juziyo, n'kubweza masipanala m'thumba.

Potuluka pageti anati, “Mimba sidziwa mawa.”

Lachisanu, 10 Meyi

Sindinatukule mpando. Mwana wanga akuchapa tizovala ta khanda. “Bambo, ndifunse njinga kwa aneba?” Sanaseke. Inenso ayi.

Loweruka, 11 Meyi

Ndatukula, ndekha. Kathumba kaja kapepuka, mwatsala makoko okhaokha. Juzi pamwamba yabwinobwino, kunsi yadyedwa. Ulusi wake ndaupeza pa injini, makoswe anamanga nawo chisa. Pambali pake kapaipi ka labala kobooka, mano akuoneka. Ndinaliza injini n'kuika chala pabowopo, kulira kunasintha pomwepo.

Amakanika andidulira kapaipi kena. Akuti mwina ndi komweko, mwina pali chinanso, phiri ndilo lidzanene. Kwada ndisanayese.

Juzi ndaipinda, ili m'kabati. Ndinakhala kaye pansi m'garaja kanthawi.

Lamlungu, 12 Meyi

Ndikulemba pa benchi ya kuchipatala.

Mwana wanga mimba inayamba kumuwawa tikumwa tiyi. Ndinamutsegulira chitseko chakumbuyo monga mwa masiku onse. Anapukusa mutu, akuti kumbuyo kumakhutchumula, n'kukwera kutsogolo. Chimwalirireni mayi ake palibe anakhalapo pamenepo.

Tinafika potsetsereka. Ndinachotsa phazi pang'onopang'ono, khutu lili kumbuyo. Zii. Pa mlatho zii. Ndinachotsanso kachiwiri kuti nditsimikize.

Anandigwira mkono, zikhadabo mpaka kulowa.

“Bambo, injini mudzamvera tsiku lina. Pondani.”

Ndinaponda.