Ndinawasokera Osawayeza

Lolemba, 3 Juni

Ndadula nsalu ya malaya ndi thalauza la a Mawamawa, amuna angawa amene chilichonse kwa iwo ndi "tiona mawa". Loweruka mwana wathu akulandira satifiketi ya uphunzitsi, ndipo sindikufuna bambo ake akaime pa chithunzi ndi malaya aja a kolala yoperepeseka.

Mai Mabatani, mnzanga wa pa makina a pawindo, anandiona ndikulemba ndi choko n'kufunsa, "Koma mwawayeza?" Ndinaseka. Zaka 22 m'nyumba imodzi, ndiyezenso chiyani? Khosi 17, chifuwa 44, chiuno 38. Zonse zili m'mutu. Makasitomala amandidziwira pomwepo, munthu akamalowa pakhomo ine ndamuyeza kale ndi maso.

Kunyumba ndi zomwe zija. Ndafika 7 koloko, iwo ali kale pa mpando wawo, TV ikulongolola. Timadya mbale ili pamwendo, aliyense maso kutsogolo ngati anthu a m'basi. Madzi a mufiriji amaliza mabotolo onse atatu, osathiramo ena. Ndanena kangati nkhani imeneyi?

Lachiwiri, 4 Juni

Mayi wina wakanitsitsa kuti chiuno chake ndi 34. Tepi ikuti 41. Akuti tepi yanga ndi yotanuka. Ndalemba 41, ndamuuza kuti 36, tonse tasiyana tikumwetulira.

Lachitatu, 5 Juni

Malaya atha, thalauza nalo ndaika zipi. Ndinapita nazo kunyumba kuti ayese. "Mawa." Akuti atopa, lole imene amayendetsa kuntchito inali ndi maulendo anayi. Masiku ano nyimbo yawo ndi kutopa basi, kuwonjezera apo kudzuka kasanu kukataya madzi, chitseko cha kubafa chili kwii kwii. Ndawauza kuti achepetse madziwo, anzawo tigoneko.

Lachinayi, 6 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Ndinazimitsa TV ndekha n'kuti imirirani muyese. Anavala akung'ung'udza. Malayawo anangoti lende, mapewa kugwera m'mikono, kolala yoti n'kulowetsamo dzanja lonse. Thalauza anachita kuligwira kuti lisagwe.

Choyamba ndinakwiyira nsalu. Kenako ndinaganiza kuti mwina podula ndinawerenga tepi molakwika, chifukwa Lolemba lija m'shopu munali phokoso. Ndinatulutsa tepi m'chikwama. Iwo, "Zachiyaninso zimenezo?" Ndinati kwezani manja.

Khosi 15. Chifuwa 39. Chiuno 33.

Ndinabwereza kawiri. Pozunguliza tepi m'pamene ndinakhudza nthiti, zomveka imodziimodzi. Lamba wawo anali pa mpando. Mabowo atatu atsopano, oboola ndi msomali.

"Zayamba liti?"

"Aa, ndi ntchito iwe. Katundu tikukweza tokha masiku ano."

"Ndafunsa kuti liti."

"Kaya. Cha m'Malichi."

Malichi! Miyezi itatu yathunthu. Ine amene ndimadzitama kuti ndimayeza anthu ndi maso. Manyazi andigwira, koma mantha aposa manyaziwo. Ndawauza kuti tipite kuchipatala. Yankho lawo sindilemba, likudziwika.

Lachisanu, 7 Juni

Tsiku lonse lathera kumasula zomwe ndinasoka. Kubweza malaya n'kowawa kuposa kusoka atsopano, kolala ndachita kudula ina. Diresi la mayi wa 41 uja lidikire.

Mai Mabatani anandiyang'anitsitsa n'kuti, "Si ndinakufunsani Lolemba?" Akuti iye anaona mu Epulo, tsiku lija amuna anga anandibweretsera makiyi nditawaiwala. Akuti ngakhale wosoka nsapato wa pakhonde anamufunsapo ngati abambo aja ali bwinobwino.

"Ndiye osandiuza?"

"Ndimayesa mukudziwa, mukungosunga za m'nyumba. Munthu ungamuuze bwanji za mwamuna wake?"

Ndinaponda makina mwaukali mpaka singano inathyoka.

Madzulo ndawafunsanso, ndipo andiuza chenicheni. Kuntchito kwawo akangomva kuti dalaivala ali ndi matenda, amamutsitsa pa lole n'kumupatsa tsache. Anatero ndi mnzawo wina chaka chatha. "Zaka 19 pa chiwongolero, lero ndizikasesa pa geti?" Ndiye akuti tisamusokonezere mwana tsiku lake, tidikire Loweruka lidutse. Ndavomera pakamwa pokha.

Loweruka, 8 Juni

Malaya akwana bwinobwino, ndipo vuto lake ndi lomwelo, akuonetsa zonse. Ovolosi ya kuntchito ija imabisa zambiri.

Dzuwa, mipando ya pulasitiki, akuluakulu olankhula osafuna kusiya. Iwo botolo la madzi latha, lina. Atatchula dzina la mwana anadzuka n'kuomba m'manja mpaka anthu kucheuka, kenako anakhala msanga atagwira mpando wa kutsogolo. Ndinaona. Masiku ano ndikuona chilichonse, kungoti mochedwa.

Mwana anawakumbatira, maso ake ali pa ine kudzera paphewa lawo. Anali asanawaone kuyambira Januwale. Anandikokera kuseri kwa holo.

"Amayi, adadi akudwala chiyani?"

Ndinati sitikudziwa.

"Simukudziwa bwanji? Si mumakhala nawo?"

Mwana wobereka ndekha kundifunsa choncho! Ndinamukonza chipewa chake chija, chinali chitapendekeka, n'kuti tiye akufuna kutijambula. Pa chithunzipo tonse tikuseka.

Lamulungu, 9 Juni

Takangana, koma chapansipansi chifukwa mwana anali kuchipinda akulongedza. Ndinati mawa 7 koloko tikhale tili pamzere kuchipatala. Iwo ati mawa ndi mkuja ali ndi maulendo ataliatali, palibe wina wowagwirira, tione Lachitatu. Ndinati mawa lanulo ndalimva zaka 22, landikwana. Apo ndiye anatembenuka.

"Miyezi itatu ndakhala ndikuvula malaya pamaso pako, sunaone kanthu. Lero wasanduka dokotala?"

Sanakweze mawu n'komwe. Zinandibaya chifukwa n'zoona. Ndimadziwa chiuno cha mayi aliyense wa mumsewu wathu, ndimadziwa amene ali ndi pakati iye asananene, koma munthu wogona naye bedi limodzi ndimamusokera za zaka zisanu zapitazo. Ndinati n'zoona, sindinaone, koma pano ndaona. Iwo anayatsa TV.

Nthawi ya chakudya ndinakatenga mpando wa kukhitchini n'kuuika pakati pa iwo ndi TV. Ndinakhala moyang'anizana nawo, mbale pamwendo. Ati, "Ukunditchinga." Ndati ndikudziwa. Tadya choncho mpaka kumaliza, palibe anaseka. Ndaona kuti amatafunira mbali imodzi, ndiponso imvi zafika m'nsidze. Kaya zinafika liti.

Lolemba, 10 Juni

Anyamuka 5 koloko ine ndisanadzuke. Mabotolo onse atatu athiramo madzi, kwa nthawi yoyamba. Sindikudziwa ngati ndi kupepesa kapena kunditseka pakamwa.

Mwana ndamuperekeza pokwerera basi. Akuti ndizimuimbira tsiku lililonse, ndipo bambo ake akapanda kupita kuchipatala sabata ino abwera adzawanyamule yekha. Wakula mwana uja.

Kushopu ndasokera zipi ya siketi chagada kawiri. Mai Mabatani anangonditengera siketiyo m'manja.

Lachiwiri, 11 Juni

Ndikulemba ndili pa benchi ya kuchipatala.

Cha m'ma 10 foni inalira. Iwo saimba nthawi ya ntchito, zaka zonsezi sanaimbepo.

"Bwera udzanditenge."

Ndinati muli kuti, chachitika n'chiyani?

"Ndaimika lole pambali. Msewu sindikuuona bwino, zikwangwani zikuoneka ziwiriziwiri."

Anati ali pafupi ndi pothirira mafuta paja, kungodutsa mlatho. Ndinasiya simbi ili pa nsalu ya eni ake. Mai Mabatani anakuwa kumbuyo, "Thamangani, ndichotsa ine!"

Ndinawapeza atakhala pa sitepe ya lole, makiyi ali m'manja, milomo ili gwa. Anali ataimbira kale abwana awo kuti atumize dalaivala wina. Anawauza ndi pakamwa pawo kuti akudwala. Ndinadziwa kuti foni imeneyo inawawawa kuposa matendawo, ndiye sindinanene zoti si ndinakuuzani. Ndinaimika takisi. Pokwera anatsamira paphewa langa, ndipo sanali olemera.

Nesi anawabaya chala, anayang'ana kamakina kake, n'kubayanso chala china. Shuga, wokwera kwambiri. Akuti agonekedwa, aikidwa diripi, ndipo akadapitiriza ulendo uja bwenzi pano tikunena zina. Iwo funso loyamba linali la lole. Nesi anati za chiwongolero tikambe shugayo akatsika, alipo ambiri amene amabwerera pa ntchito akamamwa mankhwala. Kenako anatembenukira kwa ine, cholembera chili m'manja, nkhope atamanga.

"Mayi, inu ndi amene mumakhala nawo. Ludzu limeneli, kuonda kumeneku, munayamba kuziona liti? Munthu mpaka kufika apa inu muli pomwepo?"

Ndinatsegula pakamwa. Ndimati ndinene zoona, kuti Lachinayi lapitali, ndiponso anandiuza ndi malaya.

Iwo anayankha ali chigonere, maso ali chitsekere.

"Asisita, musawakalipire. Akhala akundiuza kuyambira Malichi. Wokana ndine."

Nesi analemba Malichi. Anandipatsa ovolosi yawo ndi nsapato kuti ndisunge, n'kukoka katani. Ndili nazo pamwendo pano.