Uthenga wa kwa a Naphiri ku Kasakula

Amayi anga, kodi kumene mudapitako mukukhala bwanji?

Ndine Malita, mwana wanu wachisamba. Ndidabwerako ku Sikotilandi kuja. Ndatha miyezi isanu ndili pamudzi pano, koma mpaka lero ndikamatsika chitunda pochokera kusukulu, maso anga amathamangira pakhonde panu paja munkakonda kukhala mukusenda kachewere. Kalata ya maliro anu idandipeza patatha masabata atatu atakuikani kale m'manda. Idafika itatsegulidwa ndi kumatidwanso ndi guluu wambiri, moti mawu ena adatsalira pa envulopu. Ndiye kuti munthu wina amene sindimudziwa adamva za imfa yanu ine mwana wanu ndisanamve.

Ndiyambe ndi zokoma. Mkazi wa Yohane, mlongo wanga uja, wachira. Ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha Esitere, dzina lanu. Chipumi ndi chanu chomwe, ngakhale kakwiyidwe kake. Chimanga cha kumunda wakutsetse chidachita bwino, tadzaza nkhokwe ziwiri. Fodya yekha ndiye adaboola ndi matalala, masamba onse zibowo zokhazokha, ndipo Yohane adatha sabata yathunthu osalankhula ndi munthu. Mbuzi yanu yamawanga ija idagwidwa ndi fisi dzuwa likuswa mtengo, kumtsinje. Mtengo wa mapichesi udabereka mpaka nthambi imodzi kuthyoka, koma sindidathe kudyako, poti inu ndi amene munkatiletsa kuthyola osapsa.

Mukukumbukira mmene mudakondwera atandisankha? Mpingo udagwirizana ndi anzathu akunja kuti tisinthane aphunzitsi kwa chaka chimodzi, iwo atitumizire awiri, ifenso titumize awiri. Mudavina pabwalo ndi mpango m'manja. Koma tsiku lonyamuka, tikudikira basi, mudandikokera pambali n'kunena kuti, "Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata." Mawu omwewo, ngakhale osakoma ngati anu, adatiuzanso ku ofesi ina ku Lilongwe potipatsa mapasipoti. Adati kunjako kuli anthu ena akwathu konkuno amene adathawa chifukwa chogalukira boma, ndipo tikawaona tiwoloke msewu.

Ntchito yake inali yabwino, Amayi. Ndinkaphunzitsa ana aang'ono pasukulu ina m'tauni yapafupi ndi nyanja, kuwauza za dziko lathu ndi kuwaphunzitsa nyimbo zathu. Akamayesa kutchula "ng'ombe" ndinkaseka mpaka misozi. Loweruka ankanditenga kukalankhula kwa amayi a m'mipingo, ndipo kulikonse ankafunsa ngati kwathu mikango imafika pakhomo. Ndinkakhala kwa mayi wina wamasiye, wamtima wabwino, amene phala lake ankathira mchere wokha popanda shuga. Kuzizira kwa kuno mu Juni n'kongoseweretsa. Kumeneko mphepo imalowa m'mafupa, ndipo nyengo ina dzuwa limalowa ana asanaweruke bwino. Aphunzitsi anzanga ankandinyengerera kuti ndivale buluku ngati iwo. Ine ndidakana chaka chonse, ndipo sikunali kukonda diresi ayi. Ndinkaopa a Chimphepo.

A Chimphepo ndi mphunzitsi wa ku Mvera amene ndidapita naye. Munthu waulemu, wosalankhulalankhula, koma anali ndi kabuku kakuda m'thumba la jekete. Tikangotuluka pamsonkhano, iwo ankatulutsa kabukuko n'kumalemba. Mzungu akandifunsa ngati n'zoona kuti kwathu munthu salowa mumsika popanda khadi la chipani, ndinkayamba ndayang'ana kumene a Chimphepo akhala, kenako n'kuyankha kuti kwathu kuli mtendere ndi bata. Ndidatsimikiza mumtima kuti amenewa adawatuma kuti azindimvetsera.

Tsono tsiku lina la Sabata, titatuluka m'tchalitchi, tikumwa tiyi m'holo, ndidamva mawu kumbuyo kwanga: "Mwaswera bwanji, achemwali?" Chichewa chakwathu chenicheni, cha m'mapiri mwathu muno. Kapu idatsala pang'ono kugwa. Anali bambo wamtali, imvi zitayamba, atavala chikhoti chachikulu. Adati dzina lake ndi Wilisoni, kwawo ndi kufupi ndi Kasakula, ndipo adachoka zaka zambiri zapitazo atamva kuti akumufunafuna chifukwa cha mawu amene adalankhula pamsonkhano wa aphunzitsi. Ndikadayenera kuwoloka msewu, koma m'holo mulibe msewu. Adandifunsa ngati mlatho wa kwawo adaukonza, ngati anthu akulimabe tirigu kuphiri. Ine ndinkangoyankha mwachidule, maso ali kwa a Chimphepo amene anali pafupi ndi zenera.

Patatsala sabata imodzi kuti tibwerere, Wilisoni uja adabweranso. Pondipatsa moni adandisiyira kapepala kopindapinda m'dzanja. Adati, "N'kwa amayi anga, a Naphiri. Kalata zapapositi sindingalembe, zingawaphetse. Sindikudziwa ngati ali moyo. Mukakana sindikwiya."

Amayi, ndidaganiza zambiri. Ndidati kodi ameneyu ndi wothawadi, kapena amutuma kuti andiyese? Munthu wothawa angakhulupirire bwanji mlendo amene wakumana naye kawiri kokha? Koma nthawi imeneyo n'kuti kalata ya maliro anu ili pansi pa pilo wanga. Ndidadziwa mmene zimawawira kukhala kutali mayi ako osamva mawu ako. Inu munkati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Choncho ndidawerenga kapepalako kambirimbiri mpaka ndidaloweza ngati vesi la ku Sande sukulu, kenako m'mawa wina ndidakaponya pamoto wa malasha. Pepala angalipeze m'sutikesi, koma za m'mutu sangazipeze.

M'ndege pobwera, a Chimphepo adandidabwitsa. Adatsamira kwa ine n'kunong'ona kuti, "Mayi, ndikupepeseni. Chaka chonsechi ndimaganiza kuti inu ndi amene adakutumani kuti muzindizonda. Nthawi zonse mumangondiyang'ana." Adandionetsa kabuku kaja. Munali mayina a maluwa, mitengo ya zinthu m'sitolo, ndi mawu achingelezi amene ankafuna kudzaphunzitsa ana awo. Tidaseka mpaka anthu kutembenuka. Koma nditatsika ndege ndidadzifunsa kuti, nanga kazitape weniweni akadanena zotani? Si zomwezi? Ndipo ndani adati munthu amakhala ndi kabuku kamodzi kokha?

Patatha masabata awiri ndili kuno, kusukulu kudafika galimoto. M'galimotomo mudatuluka amuna awiri ovala masuti, ndipo ahedi adawasiyira ofesi yawo osafunsa kanthu. Adandilankhula mwaulemu, adandipepesanso maliro anu. Kenako adayamba: ndinkapemphera kuti, ndinkacheza ndi yani, ndidakumanako ndi Mmalawi wina aliyense? Ndidati ndidaonapo bambo wina kutchalitchi amene adandipatsa moni, dzina lake sindidaligwire. Wamkuluyo adamwetulira n'kunena kuti, "Tsiku limenelo mudavala juzi yofiira, si choncho?" Amayi, ndidaivaladi. Juzi imeneyo ndidaisiya komweko, kuno sidafike. Adatseka buku lawo n'kunena kuti ndikakumbukira china ndiwadziwitse, poti iwo sakhala kutali.

Kuyambira tsiku limenelo ndimayesa munthu aliyense pasikelo. A Chimphepo adanditumizira moni kudzera mwa abusa, ine sindidabweze. Mayi wamasiye uja adandilembera kalata yokoma, ndipo ndidayamba kukumbukira kuti ankakonda kufunsa kumene ndikupita. Ngakhale Yohane, mwana wanu yemwe. Paja simukudziwa, adamusankha kukhala mlembi wa nthambi ya chipani m'mudzi muno, ndiye amene akugulitsa makhadi. Tsiku lina tikukonola chimanga adandifunsa kuti, "Achemwali, kunja kuja simudaoneko anthu akwathu?" Mwina ankangocheza. Mwina amafuna kunditsina khutu. Mwina adamutuma. Ndidamuyang'ana mwana amene ndidamubereka kumsana, amene ndinkamutafunira nzimbe, ndipo ndidamuyankha ngati ndikuyankha amuna a masuti aja. Izi ndiye zimandipweteka kuposa zonse. Nkhani iyi palibe wamoyo amene ndamuuza, n'chifukwa chake ndikuuza inu.

Miyezi inayi ndidakhala nawo mawu aja osapita ku Kasakula. Ndinkawabwereza potunga madzi, pochapa, poyenda, kuopa kuti angandithawe. Kuchiyambi kwa mwezi uno ndidalimba mtima. Ndidauza achibale kuti ndikukafuna mbewu ya nyemba, ndidakwera lole ya fodya mpaka pamphambano, kwinako wapansi. Kumsika sindidafunse dzina la Wilisoni. Ndidangofunsa kumene kukupezeka nyemba zabwino, ndipo nditatchula a Naphiri mayi wina adandilozera nyumba ya kumapeto kwa mudzi, moyang'ana kumbali ngati sakulozera.

Ndidawapeza ali moyo. Gogo wamng'ono thupi, wowongoka msana, akupeta nyemba pabwalo. Adandiyalira mphasa, tidalonjerana, tidakambirana za mvula. Nditaona kuti palibe wina pafupi, ndidatsitsa mawu n'kunena kuti, "Amayi, ndachokera kutali, kutsidya kwa nyanja. Ndili ndi mawu ochokera kwa mwana wanu Wilisoni."

Lichero silidaime ngakhale pang'ono. Adati, "Ine ndilibe mwana wa dzina limenelo."

Ndidati, "Ali moyo, Amayi. Adandituma kuti..."

Adandidula. "Mwana wanga, inu ndinu wachitatu. Woyamba adabwera ndi Baibulo, wachiwiri adabwera ndi shuga. Woyamba uja nditamumvetsera, mwamuna wanga adamutenga, adabwerako patatha zaka ziwiri alibe mano. Pano adagona uko kumsitu. Kawauzeni amene akutumaniwo kuti a Naphiri adabereka ana aakazi okhaokha, ndipo khadi lawo ali nalo, nali." Adamasula mfundo ya pachitenje n'kundionetsa khadi.

Amayi, ndidachita manyazi ngati andivula pamsika. Chaka chonse ndi miyezi yonseyi ndakhala ndikufunafuna kazitape pankhope ya munthu aliyense, ndipo apa gogo uyu adamupeza pankhope panga. Ndikadawatsimikizira ndi chiyani? Diresi langa linali la m'sitolo, nsapato zanga zakunja, kalankhulidwe kanga ka kusukulu. Ndikadakhala ine, sindikadamukhulupirira Malita. Misozi idalengeza m'maso mwanga. Kenako ndidati, "Pepani, ndasokera nyumba. Mundigulitseko nyemba basi."

Adandiyezera mbale zitatu mosafulumira, n'kumachotsa tinyemba tofumbwa kamodzikamodzi. Nditamanga kathumba kanga n'kuimirira, adalankhula osandiyang'ana, ngati akufunsa nkhuku zimene zinkatola pansi.

"Inu mwati mudapita kutsidya kwa nyanja. Amati kumazizira kwambiri. Kodi m'dziko lotero, munthu amene adabadwa ndi chifuwa cha mphumu angakhale moyo?"

Ndidayang'ana uku ndi uku. Ndidati, "Ndidaonako mmodzi wotero. Ndi wonenepa bwino, ali ndi chikhoti chochindikala. Amaimba besi m'kwaya, nyimbo yonse mpaka kumapeto, osatsokomola."

Lichero lidaima. Adaligwira ndi manja onse awiri, koma sadalire. Kenako adati, "Nyemba izi n'zakale. Zatsopano ndimenya mwezi wamawa. Ngati mumakonda nyemba, mudzabwere."

Sindidawauze kuti ali ndi zidzukulu ziwiri, kuti wamkulu adamutcha dzina la agogo ake aamuna, amene Wilisoni sakudziwa kuti adamwalira. Sindidawauze kuti mwana wawo akupepesa chifukwa adachoka m'mawa uja ngati akupita kusukulu, osatsazika. Zonsezi ndikadali nazo. Sindikudziwa ngati wina adandiona ndikulowa m'mudzi umenewo. Mayi amene adandilozera njira uja sindikumudziwa mtima wake, ndipo woyendetsa lole adandifunsa kawiri chifukwa chimene mphunzitsi angayendere ulendo wonsewo kufuna nyemba zimene zili mbwee pa Ntchisi. Galimoto ikamveka kumsewu nthawi ya maphunziro, choko chimandigwa m'manja.

Komabe mwezi wamawa ndipita. Ndidzakhala pamphasa paja, ndidzagula mbale zanga zitatu, ndipo ndidzayankha zokhazo zimene adzafunse, ngakhale zitatenga chaka kuti mawu onse athe. Inu mudapita osamva mawu anga otsiriza. Gogo uja ndikukulonjezani kuti sapita osamva a mwana wake.

Mundipatsireko moni Ababa. Gonani bwino, Amayi, ndimakukondani monga kale.

Ndine mwana wanu,
Malita