Bondo la pa Mzere wa Thonje

Lolemba, 18 Seputembala 1989

Kompyuta ya pulojekiti yaguliridwa fani yachiwiri. Ine Clotilda, wa digiri yathunthu ya ku Zomba, ndikudzikupiza ndi chivundikiro cha katoni. Chilungamo cha pa Chikwawa chimenecho.

Bwana Sebastiano akufuna yankho Lachisanu: alangizi akauze alimi a thonje kuti adzale liti. Gideon, mnzanga wa mu ofesi muno, wakoka kale mzere umodzi wowongoka pa zokolola za chaka chatha. Akuti ukafulumira kudzala umakolola zambiri, ndiye onse adzale mu Okutobala. Ndamufunsa kuti bwanji osadzala mu Julaye tilemeretu. Sanaseke. Pa manambala athu palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzala mu Okutobala!

Mayi ku Mbenje amamvera alangizi ngati ansembe. Akauzidwa zimenezi, mbewu yawo ikathera chiswe ndi mbewa.

Lachiwiri, 19 Seputembala

Madontho a pa galafu, dontho lililonse mlimi mmodzi, akukana mzere wa G. Ayamba mwathyathyathya, kenako atsetsereka ngati msewu wotsikira ku Thabwa. Pakufunika mizere iwiri yokumana pa bondo.

Pulogalamu yathu za bondo siidziwa, ndiye ndainyengerera. Ndapanga ndandanda watsopano: masiku amene mlimi anapyola bondo, ziro kwa onse odzala lisanafike. Koma tsiku la bondolo umaiuza wekha. Makina odula chonchi, ofundidwa chitenje usiku, ulesi ngati ng'ona yokhuta. Ndikuyesa tsiku limodzilimodzi, kuona limene likusiya madontho pafupi kwambiri ndi mzere.

Magetsi anathima ndili pa 2 Disembala. Ndinatukwana m'Chisena kuti bwana asamve. Ndinaiwala kuti kwawo ndi ku Nsanje.

Lachitatu, 20 Seputembala

Ofesi yotseka, tonse ku msonkhano wa chipani. Za kumeneko sindilemba.

Lachinayi, 21 Seputembala

Ndalipeza! 10 Disembala. Odzala tsikuli lisanakwane anakolola mofanana, opyola anayamba kutsika. Ndilo bondo lokhalo limene mkazi angaonetse poyera m'dziko muno osamangidwa. (Ndifufute izi.)

Ndinakaika pepala pa tebulo la G. monyadira. Analiyang'ana, n'kuphulika kuseka.

"Achemwali, 10 Disembala si ukwati wa mng'ono wanu Helena uja? Tsiku limene matope anameza nsapato yanu pakhomo la tchalitchi?"

Ndinati nsapato yanga ikukhudzana bwanji ndi sayansi. Ndisanamalize n'kuyankhula komwe, ndinakumbukira. Inali mvula yoyamba ya chaka chimenecho, chaka chimene thonje la pa manambala athu linadzalidwa.

Ndipo kuno kuchigwa anthu amadzala m'fumbi, mbewu n'kumadikira mvula m'nthaka. Wa mu Novembala ndi wa sabata ya ukwati, thonje lawo linamera tsiku limodzi. N'chifukwa chake mzere unagona! Ine mwana wa ku Mbenje, wokula ndikudzala m'fumbi kumbuyo kwa Mayi, ndavutitsa kompyuta sabata yonse kuti indiuze tsiku limene ndinabwerera kunyumba ndi nsapato imodzi. Ndikanakauza alimi kuti "10 Disembala" ngati mvula imawerenga kalendala.

G. sanazindikire zimene wandipatsa. Akusekabe za nsapato. Msiyeni.

Ndayambiranso, kuwerenga masiku kuchokera pa mvula yoyamba ya dera lililonse. Bondo lakhazikika pa mvula penipeni.

Lachisanu, 22 Seputembala

Bwana anayang'ana mapepala onse awiri nthawi yaitali.

"Mayi Clotilda, ndiye tsiku ndi liti?"

"Palibe tsiku, bwana. Mvula yeniyeni ikagwa, mbewu ikhale ili m'nthaka kapena ilowe msangamsanga. Kufulumira kuposa apo n'kudyetsa chiswe."

"Kompyuta yanena zimenezo?"

"Itakakamizidwa."

Anatenga cholembera, n'kukhwatcha Okutobala. "Pyadidi," anavomera m'Chisena, ndipo anawonjeza kuti mawu aja a Lachiwiri anawamva onse.

Masana G. wakokera mpando pafupi ndi wanga. Osandiyang'ana, watembenuza fani yachiwiri ija kuichotsa kwa kompyuta, kuilozetsa kwa ine.

"Ndiye bondo lanulo, achemwali, mumalilowetsa bwanji?"